Kapampu m'Lamba wa Kimono

Kuno ku Kiryu mtsikana akamayandikira zaka makumi awiri, amayi ake sada nkhawa ndi kimono, chovala cha makolo chimene adzavale pa mwambo wa okwanitsa zakazo. Kimono ilipo kale, yakhala m'kabati kuyambira nthawi ya agogo, makina oluka nsalu akadali kulira usana wonse mumzinda muno. Nkhawa imakhala ya womuveka. Ndipo kwa zaka makumi anayi ndi zisanu, amayi a tsidya lino la mtsinje akhala akutchula dzina limodzi, la Mayi Tokiko Kuwabara.

Ndi mayi wamfupi wa zaka makumi asanu ndi awiri mphambu ziwiri, wa zikhatho zazikulu zosagwirizana ndi thupi. Alibe shopu yawoyawo. Amagwirira m'kachipinda ka kuseri kwa saluni ya mnzawo wa ku ubwana, Mayi Harue Onodera, amene amakonza tsitsi kutsogolo n'kumatumiza atsikana kuseri mmodzimmodzi. Kumeneko mtsikana amaima pa mphasa atatambasula mikono. Mayi Kuwabara amayamba ndi matawulo, kukulunga m'chiuno mpaka thupi litawongoka ngati nsungwi, chifukwa kimono siifuna chiuno. Kenako zingwe, china pamwamba pa chinzake. Pomaliza lamba wamkulu uja, wotalika kuposa chipindacho, amene amamukoka ataluma mlomo. Ulemu wawo wonse unali pa lamba ameneyu. Ankanena osaphethira kuti lamba womanga iwo sanatsikepo ngakhale ndi chala chimodzi, kaya mtsikana akwere masitepe a kachisi, kaya alire tsiku lonse. Ndipo sankanama.

Akamakoka chingwe chomaliza ankafunsa monga amafunsira aliyense wa ntchito imeneyi ngati sizikupweteka. Mtsikana aliyense, maso ali tong'o, akupuma mochita kuba, ankayankha kuti ayi, zili bwino. Ndi mmene tilili ife. Munthu wa kuno angalole kukomoka ali chiimire kusiyana n'kuvutitsa amene akumugwirira ntchito. Wofunsa amadziwa kuti n'zabodza, woyankha amadziwanso, kenako onse amaweramirana mwaulemu. Khalidwe limeneli limanditopetsa, ngakhale nanenso ndimachita zomwezo.

Chimene chinawalowetsa ntchitoyi sankakonda kuchikamba. Kwawo anabadwa awiri, iwo ndi mkulu wawo Sumie. Sumie anapezeka ndi matenda a shuga ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, aja oyamba munthu akadali mwana, thupi likangosiyiratu kupanga insulini. Tokiko anakula akudzutsidwa ndi jakisoni wagalasi akugundagunda m'kapoto, amayi awo akumuwiritsa m'mawa uliwonse mpunga usanapse. Singano zake zinali zonenepa, ndipo zikabuntha ankazinola pa mwala. Nkhaniyi sinkatuluka pakhomo. Bambo ankati ikangomveka, palibe banja lidzafunsire m'nyumba imeneyi, ngakhale wamng'onoyo.

Chaka chimene Sumie ankakwanitsa makumi awiri, amayi anamusoketsera kimono yobiriwira ya manja aatali, ya timaluwa toyera. Kutatsala masiku atatu bambo anakana. Anati lamba akamufinya n'kugwa pamaso pa mzinda wonse, nkhope adzaziloza kuti. Sumie sanatsutse, anangoti zili bwino. Tsiku la mwambo anaima pa zenera la m'mwamba n'kumaona anzake akudutsa, Tokiko ali pambali pake, atakwiya. Sumie anakhala moyo mpaka zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Anayamba kupita ndi maso, impso zinatsatira. Kimono ija inatsala ndi ulusi wake woyera, uja osoka amasiya m'mphepete mwa chovala chatsopano kuti chisakwinyike, wochotsa tsiku loyamba kuchivala. Chaka chilichonse mphepo youma ya kuphiri ikayamba, Mayi Kuwabara ankaitulutsa, kuiyanika m'nyumba tsiku limodzi, n'kuipindanso.

Minori Hayase anabwera mu Okutobala, tsiku lojambulitsa. Masiku ano atsikana amavala kawiri, koyamba kukajambulitsa mitengo ikadali ndi masamba, kachiwiri mu Januwale pa mwambo weniweni ku holo ya mzinda. Anali mtsikana wamtali, wosachedwa kuseka, wophunzira pa koleji ku Maebashi. Anapempha kukasinthira kubafa monga amachitira amanyazi ambiri, n'kubwera atavala kale malaya oyera amkati. Pokulunga tawulo, Mayi Kuwabara anamva kanthu kotukuka pamimba pake, ngati batani lomatidwa ndi pulasitala. Sanafunse. Pa ntchito yawo munthu amaona zipsera, amaona mimba za miyezi itatu, ndipo ulemu wake ndi kukhala ngati sunaone. Anakulunga, anamanga, anakoka. Atafunsa ngati sizikupweteka, Minori anayankha kuti zili bwino.

Minori ankayenera kubwerako kojambulitsa pakatha maola awiri. Koma kukachisi kunali mzere, wojambula anali wa aja osakhutira msanga, ndipo agogo ake anaumirira kuti banja lonse likadyere limodzi. Anabwera patatha maola asanu ndi awiri, atatsamira amayi ake, milomo itauma gwa, akupempha madzi. Asanafike n'kuseri komwe anasanza m'sinki yotsukira tsitsi.

Mayi Kuwabara anamuthamangira. Anaganiza kuti ndi lamba wawo, kuti ukalamba wawalanda muyeso m'manja. Koma atawerama kuti amasule mfundo anamva fungo la mpweya wa mtsikanayo, lotsekemera ngati maapozi oyamba kuwola. Papita zaka zambirimbiri chilimvere, koma mphuno siiwala.

"Mwana iwe, uli ndi shuga," anatero.

Amayi ake a Minori anali atapisa kale m'chikwama cha mwana wawo. Anatulutsamo kanthu kakang'ono ngati kabokosi ka machesi aakulu, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani, kachubu kowonda ngati ulusi katakulungidwa mozungulira.

"Minori, kapampu kakutani m'chikwama?"

"Ndinaona kuti palibe pokaika," mtsikanayo anayankha monong'ona. "Ndimati ndi maola awiri okha. Sindinafune kuwavutitsa amayiwa."

Anakagona kuchipatala masiku awiri, akumuika madzi. Patatha sabata anabwera kusaluni ndi bokosi la makeke kudzapepesa za sinki ija. Anaweramira Mayi Onodera, anaweramira Mayi Kuwabara, kenako ananena kuti afafanize dzina lake pa ndandanda ya Januwale. Bambo ake anali atagamula kuti adzapite atavala suti. Sankafuna kuonanso mwana wawo ali pa bedi la chipatala chifukwa cha nsalu. Minori anamwetulira ndithu, n'kunena kuti zili bwino.

Mawu awiri amenewo anawalasa Mayi Kuwabara pa bala lakale. Anaona zenera lija la m'mwamba.

"Zili bwino chani? Khala pansi apa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya lokwanira. Undionetse kanthu kakoko."

Minori anakweza malaya. Batani lija linali pamalo ena tsopano, chakumanzere kwa mchombo. Anafotokoza kuti pansi pake pali kachubu kofewa, kafupi kuposa chikhadabo, kolowa pansi pa khungu, ndipo amakasuntha pakatha masiku atatu alionse. Kuchokera pa batanilo kachubu kowonda kaja kankapita ku kapampu, ndipo m'kapampumo munali kabotolo ka insulini. Mphindi zingapo zilizonse, usana ndi usiku, kapampu kankakankha kadontho. Akafuna kudya ankawerengera mpunga umene uli m'mbale, kudina mabatani, kapampu n'kuwonjezera. Kumkono kwake kunali kabatani kena kamene kankayeza shuga n'kumauza kapampu, ndipo shuga akayamba kutsika kwambiri kapampu kankaima kokha osauzidwa. Vuto lake ndi lakuti m'thupi simukhala insulini yosungira. Kapampu kakachoka, pakatha maola owerengeka magazi amayamba kuipa, monga anaonera okha.

Mayi Kuwabara anapempha kuona kadonthoko. Minori anamasula kachubu pa batani, anadina, n'kuwalozera kunsonga. Anachita kuvala magalasi kuti akaone. Kanali kochepa kuposa diso la singano, konyezimira, kosakwana n'kunyowetsa chala. Anakhala akukayang'ana mpaka kanauma. Iwo ankadziwa insulini ya m'kapoto, ya kubaya kamodzi m'mawa kenako tsiku lonse kungoyembekezera kuti lero igwira bwanji, munthu kudya mwa ola, kuopa kuyenda mtunda, kuopa kugona tulo tofa nato. Lero kanthu kolowa m'chikhatho kankagwira ntchito ya kapamba, mwakachetechete, mtsikana ali m'kalasi, ali m'sitima, akuseka ndi anzake. Anachita mantha ngati amene alowa m'kachisi wamkulu koyamba, ndipo anazizwa kuti zoterezi zachitika iwo akadali ndi moyo, mumzinda womwe uno, iwo osadziwa.

"Ndiye kamagona nthawi yanji?" anafunsa.

Minori anaseka. "Sikagona, amayi."

"Kakuposa iwe, Toki," anatero Mayi Onodera ali pakhomo ndi chipeso m'manja. "Iwe ukangodya nkhomaliro basi wapita."

"Choka iwe, kakonze mitu ya anthu uko."

Anamuuza Minori kuti dzina lake safafaniza. Anamupempha awabweretsere machubu akale otha ntchito, ndiponso akawafunsire kwa anamwino a kuchipatala chimene kachubu ndi batani zimadana nacho. Yankho linabwera lolembedwa pa kapepala. Batani lisapanikizidwe, chifukwa kachubu ka pansi pa khungu kakhoza kupindika n'kutseka. Kachubu kakatali kasakhale pansi pa mfundo. Kapampu kakhale poti mwini wake akhoza kukafikira ndi dzanja nthawi iliyonse, ndipo kasatenthedwe. Mayi Kuwabara anawerenga kawiri, n'kuona kuti chilichonse cholembedwapo chikutsutsana ndi luso limene analinola moyo wawo wonse.

Amene anavutika ndi Mayi Onodera. Lachiwiri lililonse, tsiku lotseka saluni, ankaimikidwa pa mphasa, kachubu kakale katamatidwa pamimba, sopo wa kubafa akuimira kapampu. Mayi Kuwabara ankamanga, kenako n'kukankha tiyi m'kachubumo ndi kajakisoni kopanda singano, maso ali kunsonga inayo kudikira dontho. Akamanga mwa masiku onse, batani linkazama m'mimba mpaka kusiya chidindo chofiira. Akamasula, lamba ankatsetsereka Mayi Onodera asanafike n'pakhomo. Mnzawoyo ankadandaula kuti pa ukalamba wake wasanduka chidole cha m'shopu, ndipo kuti akafa pamphasapo adzamuike ndi sopo yemweyo. Komabe Lachiwiri linalo ankapezeka atafika kale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba chimene Mayi Kuwabara anapeza chinali kankhata. Anapota katawulo kakang'ono n'kukazunguliza pa batani, kuti lamba azitsamira pa kankhatako, batani lili phee pakati. Kenako anasiya kumanga mfundo kutsogolo, n'kuzisunthira kumbali, ndipo pakati pa matawulo awiri anasiya kanjira koti kachubu kazikwera momasuka. Chinatsala n'chakuti kachubuko katulukire pati, poti kimono imatseka thupi lonse kuyambira pakhosi mpaka ku akakolo. Anavutika nazo masabata awiri. Tsiku lina akuwongola nsalu kumsana kwa Mayi Onodera, analowetsa dzanja monga mwa nthawi zonse pa kampata ka m'khwapa, kaja kamene kimono ya akazi imasiya kosasoka pansi pa mkono. Anaima dzanja lili momwemo. Kampata kameneko anali atapisamo dzanja kosawerengeka. Amakedzana anakasiya kuti mayi aziwongolera chovala, ena amati n'koyamwitsira mwana, ndipo kanali pomwepo zaka mazanamazana ngati kakudikira. Anatulutsira kachubu pamenepo, n'kulowetsa sopo pamwamba pa lamba, pansi pa kansalu kofewa kokongoletsera, malo amene amayi amasungapo kachikwama. Anakankha tiyi. Dontho linatuluka.

Koma panali chimodzi chimene sakanachizemba. Kuti zonsezi zitheke, chingwe cha m'chiuno chinkayenera kumangidwa molekerera pang'ono kuposa mmene anamangirapo. Ankadziwa tanthauzo lake. Lamba wawo akanatsika, ndipo amayi a mumzinda muno ali ndi maso.

Anapita okha kwa bambo a Minori, atanyamula matawulo ndi sopo uja m'kansalu. Bamboyo anawalandira mwaulemu koma nkhope itauma. Anaonerera zonse, kenako anati iye wamva, koma amene anakhala pa mpando wa kuchipatala masiku awiri ndi iye, ndipo mwana wake ndi wa mtundu wosanena pakamupweteka. Pamenepo Mayi Kuwabara anakamba za Sumie, koyamba kwa munthu wakunja. Sanakometsere. Anangotchula kapoto, zenera, ndi ulusi woyera umene ukadali pa kimono mpaka lero.

"Bambo anga sanali munthu woipa," anatero. "Ankaopa ngati mmene mukuopera inu. Koma iwo analibe kanthu kameneka. Inu muli nako."

Bamboyo anayang'ana sopo uja. Pomaliza anati Minori akavale kimono, koma iye adzakhala ali m'galimoto panja pa holo.

Tsikulo linafika ndi mphepo yake yobaya m'mafupa. Saluni inadzaza kusanache, atsikana khumi ndi anayi, maluwa m'tsitsi, amayi awo akupondana. Minori anali wachisanu ndi chimodzi. Ulendo uno sanapite kubafa. Anaima pa mphasa batani lili poyera, kapampu kali m'dzanja. Mayi Kuwabara anaika kankhata, anakonza kanjira, anadutsitsa kachubu m'khwapa. Atagwira chingwe cha m'chiuno anazungulira n'kuima kutsogolo kwake, maso ndi maso.

"Ndikufunsa tsopano, ndipo lero usandinamize. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sizikupweteka?"

Minori anatsegula pakamwa, mawu azolowera aja ali kale pa lilime. Anawameza. Nkhope inafiira mpaka m'makutu.

"Apa pakufinya. Chakumanzereku."

M'zaka makumi anayi ndi zisanu, aka kanali koyamba kuti mtsikana awayankhe zoona. Anamasula, anasuntha tawulo, anamanganso. Anafunsanso, ndipo Minori anapuma mpweya wonse mpaka pansi, n'kugwedeza mutu kuti tsopano zili bwino. Anamuuza ayesere kutulutsa kapampu ndi dzanja limodzi n'kukabwezera. Zinatheka. Kansalu kofewa kanakaphimba, osaoneka chilichonse.

Tsiku lonselo mtima wawo unali m'mwamba. Anaveka ena asanu ndi atatu otsalawo, anamwa tiyi wozizira, ndipo foni ya saluni ikalira ankadzidzimuka. Mayi Onodera anawauza kuti akhale pansi asanabowole mphasa.

Minori anabwera dzuwa litapendeka, masaya ali psuu ndi mphepo, bambo ake akumutsatira atanyamula maluwa. Anali atakhala maola awiri m'holo kumvera zolankhula za akuluakulu, anajambulitsa ndi anzake a ku pulayimale, anadya mpunga wofiira wa chikondwerero ndi keke, ndipo kawiri konse anatulutsa kapampu patebulo, anthu akuona. Mnzake wina anaganiza kuti ndi kafoni ka mtundu watsopano. Minori anawaonetsa Mayi Kuwabara kagalasi ka kapampu. Panali kamzere kosonyeza shuga wa tsiku lonse, kokwera pang'ono pa nkhomaliro n'kutsikanso bwinobwino. Mayi Kuwabara sadziwa kuwerenga zoterozo, koma anaona nkhope ya bamboyo n'kumva zonse.

Mayi Onodera anazungulira kumbuyo kwa mtsikanayo, n'kuika zala ziwiri pamwamba pa lamba.

"Toki, watsika. Zala ziwiri zathunthu."

"Ndaona."

"Anthu aona."

"Aone."

Asanamuvule, Mayi Kuwabara anapempha chinthu chimodzi. Anatenga keke m'bokosi, anapatsa Minori, n'kumuuza adine monga amachitira. Minori anadina, n'kubwezera kapampu m'lamba. Mayi Kuwabara anapempha azimitse chowumitsira tsitsi, kenako anawerama n'kutsamiritsa khutu pa lamba wawo wotsika uja. Poyamba sanamve kanthu. Kenako kanamveka, kotsitsa kwambiri, tiki, n'kudikira, tiki, n'kudikiranso. Anakhala chiweramire mpaka kanasiya. Atadzuka magalasi awo anali atachita nkhungu, ndipo palibe amene anawaseka, ngakhale Mayi Onodera.

Akumasula zingwe, Minori anati kuchipatala kumene amapita kuli mtsikana wina wa kapampu, wokwanitsa makumi awiri chaka chamawa. Mtsikanayo anali atanena kale kuti sadzapita ku mwambo. Kwawo kulibe kimono, ndipo obwereketsa anamuuza kuti sadziwa chochita ndi machubu. Mayi Kuwabara anafunsa za msinkhu wake. Minori anaika dzanja pa phewa lake, kusonyeza kuti ndi wamfupi. Sumie nayenso anali wamfupi.

Atafika kunyumba sanayambe ndi kuphika. Anatsegula kabati ya pansi, anatulutsa mtolo wa pepala, n'kuyala kimono yobiriwira ija pa mphasa. Timaluwa tinali toyerabe. Anagwada pambali pake kanthawi, kenako anauza mkulu wawo mokweza, ngati ali m'chipinda chinacho, kuti achemwali, kwabwera kanthu kena kamene simungakhulupirire. Anatenga kalumo, anadula mfundo ya kumkono, n'kuyamba kusolola ulusi woyera uja pang'onopang'ono kuti nsalu isakokeke.